Mlangizi Atiuze Amene Amamlipira

Pa 21 September chaka ndi chaka Mpingo umakumbukira Mateyo Woyera, mtumwi uja amene Ambuye adampeza atakhala pa malo okhomera msonkho, namuitana. Chifukwa cha ntchito imene ankagwira asanaitanidwe, akhristu adamtenga kukhala nkhoswe ya onse ogwira ntchito za ndalama: oŵerengera chuma, a m'mabanki ndi okhometsa msonkho. Anthu a mtundu wake ankamuda Mateyo, ndipo zifukwa anali nazo. Komabe pali mlandu umodzi umene sakadamuimba: iye sankabisa mbuye amene ankamtumikira. Aliyense woima pa tebulo lake ankadziŵa kuti ndalama imene akusiyapo ikupita kwa olamula dziko, ndiponso kuti Mateyo amadya pomwepo. Ife lero tifuna kulingalira za anthu ena a ntchito zonga yake, amene dziko limaŵapatsa ulemu woposa umene Mateyo adaulandirapo, koma amene safuna kutiuza kuti amadya kwa yani.

Tikunena makampani aakulu amene sagulitsa sopo, shuga kapena feteleza, koma amagulitsa nzeru. Ena ntchito yao ndi kufufuza mabuku a ndalama a makampani ndi mabungwe, ndi kusaina kuti zolembedwamo nzoona. Anai otchuka pa dziko lonse ndiwo Deloitte, PwC, EY ndi KPMG. Ena ndi alangizi, monga McKinsey ndi Bain, amene amauza maboma ndi makampani m'mene angayendetsere ntchito zao. Enanso ndi maloya ndi akatswiri otsatsa malonda. Mwina wina anganene kuti nkhani yotere njakutali ndi banja la pa mudzi kapena la m'tauni. Si choncho ai. Banki imene timasungako ndalama, thumba la penshoni la bambo wopuma pa ntchito, kampani ya magetsi ndi ya madzi, zonsezi zimaima pa mau a anthu ameneŵa. Ife sitingathe kuloŵa m'maofesi kukaŵerenga mabuku tokha. Timakhulupirira chifukwa wina amene tamuyesa wosakondera waŵerenga m'malo mwathu. Tsono katundu weniweni amene makampaniŵa amagulitsa ndi chikhulupiriro chathu, ndipo mwini katundu ali ndi ufulu wofunsa m'mene akusungidwira.

Dandaulo lathu ndi ili: ambiri mwa makampani ameneŵa, makamaka a alangizi, ali ndi mwambo wosaulula amene amaŵagwirira ntchito. Sanena maina, sanena mitundu ya malonda imene amaithandiza, sanenanso kuti pa ndalama zonse zimene amapeza pa chaka, zingati zimachokera kuti. Kampani ya McKinsey, imene idayamba ku Chicago mu 1926, idakula ndi mwambo umenewu, ndipo sichinali chachilendo kwa iyo kulangiza makampani aŵiri olimbirana msika umodzi. Chifukwa chimene amapereka nchakuti munthu sangamasuke kwa mlangizi amene maŵa akalengeza zake pa bwalo. Mau ameneŵa ali ndi choona chake, ndipo sitiŵakana. Koma pali zinsinsi ziŵiri zosiyana zimene iwo amazimanga mtolo umodzi.

Kwathu kuno zinsinsi ziŵirizi timazidziŵa bwino chifukwa cha unkhoswe wa m'banja. Nkhoswe yabwino imasunga za m'nyumba: zimene mkazi ndi mwamuna adanenana usiku wa mkangano sizikamveka ku chitsime. Chimenecho ndi chinsinsi choyenera. Koma palibe nkhoswe imene imabisa kuti ndi ya kuchimuna kapena ya kuchikazi. Mudzi wonse umadziŵa, ndipo nchifukwa chake mau ake amalemekezeka, pakuti aliyense amaŵayeza akudziŵa kumene akuchokera. Tsiku limene zingadziŵike kuti nkhoswe ya kuchikazi yakhala ikulandira mbuzi mwamseri kuchokera kuchimuna, milandu yonse imene idaŵeruza imaonongeka, ngakhale ija imene idaiŵeruza molungama. Zimene munthu wakuuza uyenera kusunga, koma amene akukudyetsa uyenera kumtchula.

Kuti tione kuti nkhaniyi si yongoganizira, tiyeni tiyambe ndi zimene zidachitika ku America. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma idayamba kugulitsa mankhwala opha ululu otchedwa OxyContin. Mankhwalaŵa ndi a mtundu wa opiamu: amathandizadi wodwala amene ali pa ululu waukulu, koma amamanga munthu kotero kuti akaŵazoloŵera sangathenso kuleka, ndipo akamwa mopitirira muyeso amaleka kupuma. Mu 2007 nthambi ya kampaniyo pamodzi ndi akuluakulu ake atatu adavomera m'bwalo la milandu kuti mankhwalawo adagulitsidwa mosanena zoona za kuopsa kwake. Ngakhale zinali choncho, McKinsey idapitirira kulangiza Purdue. Mu 2013 idaipatsa njira zokwezera malonda, makamaka yakuti ogulitsa aziyendera kaŵirikaŵiri madokotala aja amene ankalembera kale odwala mankhwalaŵa mochuluka. Mu 2017 alangiziwo adafika polemba ganizo lakuti Purdue ikhoza kumabwezako ndalama kwa makampani amene imachita nao malonda, pa munthu aliyense amene wamwa mopitirira muyeso. Pakati pa 1999 ndi 2019, anthu pafupifupi 500,000 adafa ku America ndi mankhwala a mtundu wa opiamu, a kuchipatala ndi a mumseu omwe.

Chimene chikukhudza kwambiri nkhani yathu nchakuti pa zaka zomwezo McKinsey inkalangizanso FDA, bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, limene ntchito yake ndi kuteteza anthu kwa makampani onga Purdue. Mu April 2022 komiti ya Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idatulutsa lipoti lonena kuti alangizi a McKinsey osachepera 22 adagwirapo ntchito mbali zonse ziŵiri, ena pa nthaŵi imodzimodzi, ndiponso kuti kampaniyo sidaliuze bungwelo. Mkulu wa McKinsey adayankha kuti ntchito yao ku FDA inali yokhudza kayendetsedwe ka maofesi ndi makina, osati kuŵeruza za mankhwala, choncho panalibe kusemphana kulikonse. Tiyerekeze kuti adanena zoona. Funso likhalapobe: kodi woyenera kuŵeruza kuti panalibe vuto anali yani? Munthu saŵeruza mlandu wake womwe. Akadanena poyera, boma likadayeza lokha, mwina nkuŵalola, mwina nkuŵakana. Pobisa, adalanda boma ndi odwala ufulu wosankha.

Mlandu suola. Mu February 2021 McKinsey idavomera kulipira madola 573 miliyoni kwa zigawo 47 za America ndi madera ena, popanda kuvomera kulakwa, ndipo idayenera kutulutsa poyera zikalata zake zambirimbiri. Mu December 2022 dzikolo lidakhazikitsa lamulo lolimbitsa udindo wa makampani ogwira ntchito za boma, kuti aziulula ntchito zao zina zimene zingasemphane ndi za bomazo. Mu December 2024 McKinsey idavomeranso kulipira madola 650 miliyoni, nipepesa, ndipo pambuyo pake mmodzi mwa akuluakulu ake akale adavomera m'bwalo kuti adafafaniza zikalata zokhudza Purdue. Koma taonani nthaŵi imene choona chidatulukira: maliro atachitika kale, ndipo chidachita kukokedwa ndi mabwalo a milandu. Zakeyo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, sadadikire zimenezo. Iye adaimirira yekha pamaso pa anthu, natchula za chuma chake ndi za amene adaŵabera, wosakakamizidwa ndi wina aliyense, ndipo tsiku lomwelo Ambuye adadalitsa nyumba yake.

Tisaganize kuti zimenezi nza kutsidya kwa nyanja kokha. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, kampani ya KPMG idafufuza mabuku a makampani a banja la Gupta kwa zaka 15. Mu 2013 banjali lidachititsa ukwati waukulu ku Sun City, ndipo ena mwa akuluakulu a KPMG anali pakati pa alendo. Mu 2017 makalata a banjali atatulukira poyera, atolankhani adaonetsa kuti marandi pafupifupi 30 miliyoni a ukwatiwo adachokera ku ntchito yoŵeta ng'ombe za mkaka ku Vrede, m'chigawo cha Free State, imene boma lidaikonza kuti ithandize alimi osauka. Ndalamazo zidazungulira kunja nkubwera kudzera ku kampani ina ya banjalo imene mabuku ake ankafufuza ndi a KPMG, ndipo zidalembedwa ngati zogwiritsa ntchito pa malonda. Mu September chaka chomwecho akuluakulu a KPMG m'dzikomo adatula pansi udindo, ndipo kampaniyo idalonjeza kupereka marandi 40 miliyoni, malipiro amene idalandira kwa a Gupta, ku mabungwe a maphunziro ndi olimbana ndi katangale. Pa zaka zonsezo KPMG yomweyo inkafufuzanso mabuku a mabungwe a boma, mpaka mkulu wofufuza chuma cha boma adathetsa mgwirizanowo mu 2018. Nayonso McKinsey idabweza mu 2018 marandi pafupifupi 1 biliyoni kwa Eskom, kampani ya magetsi ya dzikolo. Mlimi wa ku Vrede amene adalembetsa dzina lake kuti adzalandire ng'ombe sadaŵaonepo anthu onseŵa, koma siginecha yao ndiyo idaphimba zimene zidamchitikira.

Mkatolika wina anganene kuti: kodi ife sindife amene timalemekeza chinsinsi kuposa onse? Wansembe sangaulule zimene wamva pa sakramenti la kulapa, ngakhale atamuopseza ndi imfa. Nzoonadi. Koma kufanizira ziŵirizi nkusokoneza zinthu. Wansembe salandira malipiro kwa wolapa. Sasaina chikalata chouza anthu kuti munthuyu ngwokhulupirika, msungitseni ndalama zanu. Ndipo palibe amene sadziŵa Mbuye amene wansembe amamtumikira. Chinsinsi cha kulapa chimateteza wochimwa amene akufuna kutembenuka mtima, pamene chinsinsi cha alangizi aja chidateteza malonda amene sankafuna kuleka. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa nambala 2491, amaphunzitsa kuti zinsinsi za pa ntchito, monga za madokotala ndi maloya, ziyenera kusungidwa, koma amaikanso malire: ngati kusunga kungabweretse choipa chachikulu kwa anthu ena, chimene sichingapeŵeke mwa njira ina, chinsinsicho sichimanganso. Tsono Mpingo womwe suika chinsinsi cha mu ofesi pa mpando umodzi ndi cha sakramenti.

Ndiponso chimene tikupempha nchochepa kuposa chimenecho. Sitikunena kuti mlangizi aulule zimene adamva m'chipinda. Pamene dzina la munthu kapena la kampani liyenera kubisika pa chifukwa chomveka, libisike. Koma palibe chimene chingaletse kampani kulemba chaka ndi chaka kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene idapeza, zakutizakuti zidachokera kwa opanga mankhwala, zakutizakuti kwa a mafuta ndi malasha, kwa a fodya, kwa a zida za nkhondo, kwa a juga, ndi zakutizakuti kwa maboma. Palibenso choiletsa kuuza boma, isanalandire ntchito, kuti ikulangizanso makampani amene bomalo limaŵayang'anira. Antchito a makampani ameneŵa nawonso adayamba kufunsa. Mu 2021 antchito a McKinsey oposa 1,100 adasaina kalata yopempha akuluakulu ao kuti aulule kuchuluka kwa mpweya woononga nyengo umene makampani oŵalemba ntchito amatulutsa, ndipo nyuzipepala ya New York Times idalemba kuti McKinsey idalangizapo makampani osachepera 43 mwa makampani 100 otulutsa mpweya wotere kuposa onse. Ngati ana a m'nyumba momwemo sadziŵa kumene nsima ikuchokera, nanji ife a kubwalo?

Pano tiyenera kudzichepetsa. Sitikunena kuti malonda akutiakuti ngodetsedwa, ndipo aliyense woŵalangiza ngwochimwa. Ife a ku Malaŵi sitingafulumire kuloza chala, pakuti ana athu ambiri adaphunzira sukulu ndi ndalama za fodya, ndipo matchalitchi ena adafoleredwa malata ndi zopereka za alimi a fodya. Kampani ya migodi nayonso ili ndi ufulu wokhala ndi loya, monga momwe wakuba ali ndi ufulu woimiridwa m'bwalo. Koma mlimi wa fodya sabisa munda wake. Chigafa chake chili pambali pa mseu, ndipo aliyense amachiona. Chimene tikukana ndi chakuti munthu amene thumba lake ladzaza ndi ndalama za fodya abwere kudzalangiza unduna wa zaumoyo za kusuta, atavala nkhope ya munthu wopanda mbali. Alangize ndithu ngati boma lifuna, koma atatchula kaye kumene amadya, kuti omva ayeze mau ake pa sikelo yoyenera.

Zimenezi nzotheka, pakuti kwa ofufuza mabuku zidayamba kale kuchitika. Ku America, kuyambira 2001, makampani ogulitsa masheya pa msika adalamulidwa kuulula ndalama zimene amalipira oŵafufuza. Nchifukwa chake zidadziŵika kuti m'chaka cha 2000 kampani ya Enron idalipira Arthur Andersen madola 25 miliyoni pa kufufuza mabuku, ndi madola 27 miliyoni pa ntchito zina monga ulangizi. Wofufuza ankapeza zambiri pa kutumikira kuposa pa kufufuza. Enron idagwa mu December 2001, anthu zikwizikwi nataya ntchito ndi ndalama zao za penshoni, ndipo Arthur Andersen, imene inali imodzi mwa makampani asanu aakulu a ntchitoyi, idatha chaka chotsatira. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Mu 2002 dzikolo lidaletsa ofufuza kugulitsa mitundu yambiri ya ulangizi kwa makampani amene akuŵafufuza. Ku Ulaya, lamulo la mu 2014 limakakamiza ofufuza mabuku a mabanki, a inshuwalansi ndi a makampani a pa msika wa masheya kutulutsa lipoti chaka chilichonse, lotchula maina a makampaniwo ndi kugaŵa ndalama zao molingana ndi kumene zachokera. Makampani aakulu aja sadafe nalo lamuloli. Nkhani ya Enron ikutiphunzitsanso china: manambala aja adalembedwa kampaniyo isanagwe, koma oŵerenga ndi kufunsa anali ochepa. Kuulula kulibe phindu ngati palibe woŵerenga.

Tisanamalize, tiyeni tiyang'ane m'nyumba mwathu. Mu December 2013, pamene Papa Francis ankakonza kayendetsedwe ka Vatican, adalembedwa ntchito anali makampani omweŵa: McKinsey pa zofalitsa nkhani, KPMG pa kasungidwe ka mabuku a ndalama. Sitikutchula zimenezi kuti tidzudzule, pakuti luso lao linali lofunika, ndipo chaka chomwecho banki ya Vatican idatulutsa lipoti lake la pa chaka kwa nthaŵi yoyamba. Tikutchula kuti tione kuti Mpingo nawonso umagula nzeru kwa anthu ameneŵa, choncho uli ndi ufulu, ndiponso udindo, woŵafunsa kuti amatumikiranso yani. Koma wofunsa ayenera kuyamba wayankha yekha. Malamulo a Mpingo a mu 1983 amafuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma, ndiponso kuti oyendetsa chuma azipereka lipoti kwa akhristu pa zimene akhristuwo adapereka. Kodi m'maparishi mwathu timamva zimenezi kangati? Msungichuma akamaŵerenga za mtulo ndi masika, kodi amatiuzanso amene adapereka ndalama zomangira holo, ndi amene adapatsidwa ntchito yogulitsa simenti? Ngati mlamu wake wa wapampando ndiye adagulitsa, mwina mtengo wake unali wabwino kuposa wa onse, ndipo palibe cholakwa. Cholakwa chimayamba pamene akhristu akumva zimenezo pa maliro m'malo momva pa guwa.

Ambuye adatichenjeza za kutumikira ambuye aŵiri, ndipo adadziŵa kuti mtima wa munthu umatsata kumene kuli chuma chake. Alangizi ambiri amene tatchula ntchito zao sanali anthu oipa mtima. Anali ophunzira, akhama, mwina opemphera. Koma munthu amene amadya kuŵiri mwamseri amayamba kudzinamiza yekha asananamize ena, ndipo palibe womuthandiza chifukwa palibe woona. Kuulula kumateteza mlangizi mwini wake poyamba, pakuti ntchito imene ungachite nayo manyazi kuitchula poyera ndi ntchito imene suyenera kuilandira.

M'mabanja mwathu muli ana amene akuphunzira za kaŵerengedwe ka ndalama, za malamulo ndi za malonda, ndipo ena aloŵa kale ntchito m'makampani otereŵa ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg. Timanyadira nao, ndipo nkoyenera. Akabwera ku tchuthi timaŵafunsa za malipiro, za nyumba ndi za galimoto. Tiyeni tiziŵafunsanso, mwachikondi, kuti ofesi yao imatumikira anthu a malonda anji, ndipo ngati iwo eni ake amadziŵa. Amene tili m'mabungwe a sukulu, a zipatala za mishoni ndi a dayosizi, tisanasainirane ndi wofufuza mabuku kapena mlangizi, tizimfunsa kuti: kodi mumagwiriranso ntchito yani pakati pa amene timagula nao katundu? Wokhulupirika sadzakwiya ndi funso limeneli. Ndipo pa 21 September, tikamapempha Mateyo Woyera kuti apempherere ana athu a m'maofesi, timpemphe kuti akhale anthu otha kutchula, popanda kuŵerama, aliyense amene adaŵalipira.